Khutu la Mboni

Che Uladi anakhala zaka makumi atatu ndi zisanu m'mudzi wa akazi awo kufupi ndi Nkaya, ndipo palibe amene akukumbuka tsiku limene anawamvapo akukana kanthu. Kwawo kunali kwa Kawinga, cha kunyanja ya Chiuta, koma madzi ankawaopa, ndipo mwana wa msodzi woopa madzi alibe chake kumeneko. Ananyamuka ali mnyamata kudzasenza mabelo a thonje ku Balaka, anaona Che Lukiya akugulitsa zitumbuwa pasiteshoni, ulendo wobwerera kwawo n'kuthera pomwepo. Anamanga nyumba pamene apongozi analoza. Analima pamene alamu analoza. Khadi la chipani ankagula ogulitsa asanafike n'komwe pakhomo, n'kulisunga m'kati mwa kofiya, kachipewa kawo kovala tsiku lililonse, pamwamba pa maganizo awo onse.

Luso lawo linali mpeni. Pamudzi pakagwa mbuzi kapena nkhosa, kaya ya sadaka, kaya ya ukwati, woitanidwa kudzasenda anali iwo, chifukwa chikopa chinkachoka m'manja mwawo chopanda bowo ngakhale limodzi. Ankabwerera kunyumba ndi mang'ina, tsiku labwino ndi mutu womwe. Ikafika Idi ya kulubani, pamene wopezako bwino amazinga nyama yake ya nsembe n'kugawira osowa, mbale yovindikira ndi kansalu inkafika pakhomo pawo chaka ndi chaka, ndipo iwo ankailandira ndi manja awiri. Chimene sanauzepo munthu n'chakuti ankafuna, kamodzi kokha asanatsikire kumanda, mbale yoteroyo ituluke pakhomo pawo kupita kwa ena.

Nkhosa anali nazo, ngati kukhala nazo n'kumeneko. Amjomba awo, alongo a mayi awo, atamwalira anawasiyira yaikazi imodzi, ndipo anayenda nayo masiku awiri kuchoka kwa Kawinga, kuwoloka Shire pa Liwonde, iwo akukoka, nkhosa ikukana m'malo mwawo. Inaswa ndithu, koma yamphongo iliyonse inkapeza ntchito isanakule. Ina inapita pa maliro a apongozi, ina inakathetsa mlandu wa alamu, ina anatenga fisi, yekhayo amene sanavutike n'kupempha. Kenaka m'chilimwe cha 1982 mdzukulu wa nkhosa ija anaswa mapasa, onse amphongo. Che Uladi anawerenga miyezi ndi zala n'kupeza kuti pofika Idi ya chaka chotsatira mapasawo adzakhala atakwanitsa chaka, msinkhu woyenera kulubani. Vuto linali limodzi. Idi imeneyo inkagwa mu Seputembala, nthawi imene nkhosa za ku Nkaya zimakhala nthiti zokhazokha.

Mu Meyi, anthu atangokolola, kunabwera mlangizi watsopano wa ziweto. Dzina lawo a Blasius, mnyamata wa ku Dedza wongotuluka kumene kusukulu ya zaulimi, kolona m'khosi, chikwama chachikopa pa njinga. Pamsonkhano anafotokoza kuti udzu ukauma umasanduka tsache, n'chifukwa chake nkhosa zimawonda m'chilimwe, koma madeya, masamba a lukina oumitsa pamthunzi ndi kamchere zikhoza kunenepetsa mwana wa nkhosa m'masiku zana. Ankafuna mlimi mmodzi wokhala ndi ana a nkhosa awiri ofanana, kuti anthu adzaone ndi maso. Maso onse anatembenukira kumodzi. Atcheyamani a chipani anati, "Che Uladi avomera." Che Uladi anamva kuti avomera, ndipo anavomeradi.

Mumtima anasangalala. Boma linali litadzipereka lokha kuwanenepetsera kulubani.

Anagawa khola pakati ndi nsungwi monga anauzidwira. Lachiwiri a Blasius anafika ndi thumba la madeya pa kaliyala, sikelo yopachika ndi kabuku.

"Sankhani nokha, bambo, yomwe izidya zabwino."

Che Uladi sanachedwe. Anagwira ya chifuwa chotambalala, ya mchira wolemera, imene mumtima anali ataipereka kale kwa Mulungu.

"Iyi ikhala chitsanzo," anatero a Blasius. "Tsiku lililonse tizitini tiwiri ta madeya, kamodzi ka lukina, mchere wongotsina ndi zala. Inzakeyi ikhala mboni."

"Mboni ya chiyani?" anafunsa Che Lukiya, amene anaima potero ndi lichero m'manja.

"Yakuti madeya amagwira ntchito, mayi. Iyo izingodya udzu ndi mapesi monga mwa masiku onse. Akakwana masiku zana tidzaziimika pamodzi, anthu adzaone kusiyana."

"Ndiye kuti iwonde kuti inzake itamandidwe."

"Sikuti iwonde ayi. Ingokhala mmene ikanakhalira."

"Ee, kuwonda kwake n'komweko. Ife timadziwa mmene zimakhalira."

A Blasius anaseka mwaulemu, monga munthu wophunzitsidwa kuti alimi amayamba ndi kutsutsa. Kenaka anapisa m'chikwama n'kutulutsa chitsulo chonga pulayala, cha mano akuthwa.

"Tiike chizindikiro, zingasokonekere. Gwirani mutu wa chitsanzocho, bambo."

Che Uladi anaona chitsulocho n'kudziwa chimene chimadya. Zaka zonse zija anali ataima ndi mpeni pambali pa shehe, kuonerera mmene amaunikira nyama ya kulubani: maso, mano, miyendo, makutu. Yoduka khutu ankaibweza. Zonsezi zinalimo m'mutu mwawo, pansi penipeni pa khadi. Koma uyu anali munthu wa boma, atcheyamani anali atanena kale kuti avomera, ndipo kutsidya kwa njanji kunali bambo wina amene anakana kulima mizere mmene alangizi ankafunira, anthu n'kumutcha wodana ndi chitukuko. Mpaka tsikulo palibe ankakhala naye mphasa imodzi pamaliro. Choncho anagwira mutu bwinobwino, mwaukatswiri. Chitsulo chinati khe, kachidutswa konga chikhadabo n'kugwera pa phazi lawo.

"Zikomo, bwana," anatero Che Uladi.

Maina aja anakanirira. Mudzi wonse unayamba kunena za Chitsanzo ndi Mboni ngati ndi anthu.

Lachisanu atatha kuswali, Che Uladi anatsalira pakhonde la mzikiti akuchita ngati nsapato imodzi yasowa, mpaka anatsala awiri ndi Shehe Usumani.

"Shehe, kwathu kwa Kawinga kuli munthu wina ali ndi funso."

"Kwa Kawinga mashehe anatha?"

"Ndi wamanyazi. Akuti nkhosa yake inabenthuka khutu. Pang'ono pokha. Munthu wosauzidwa sangaone."

"Chidutswacho chinachoka?"

"Chinachoka."

"Ndiye nkhosayo yachoka pa mzere wa kulubani. Adye, agulitse, aphikire alendo, koma ya Idi ikhale yathunthu mmene anailengera Mwini wake." Shehe anavala nsapato zawo mosafulumira. "Mukamuuzenso kuti ngati akuganizira inzakeyo, ya makutu onse, nyama yowonda yopanda mafuta m'mafupa nayonso sitilandira. Ndipo khola lakelo alisunthe. Likuonekera pano pamzikiti."

Che Uladi anabwerera kunyumba ali ndi nkhosa ziwiri, koma alibe ngakhale imodzi. Yonenepetsedwayo Mulungu sangailandire, yolandirikayo boma likufuna iwonde.

Ndipo madeya anagwiradi ntchito, ngati kuchita dala. Sabata yoyamba Chitsanzo anatsegula m'mimba pang'ono, a Blasius anachepetsa muyeso n'kumaukweza pang'onopang'ono, akuchenjeza kuti chakudya chachilendo chikachuluka mwadzidzidzi chimatupitsa mimba. Kuchokera apo ubweya unayamba kusalala. Nthiti zinamira. Mchira unadzaza mafuta mpaka kumamenya miyendo poyenda, ndipo Chitsanzo anayamba kugunda mizati ya khola chifukwa chosowa chochita ndi mphamvu. Tsidya linalo la nsungwi Mboni ankatulutsa mphuno pa mpata, akuyang'ana chibwano cha mbale wake chikupita uku ndi uku. Akatopa ankanyambita nsungwi pamalo pamene dzanja la mchere linagwirapo. Mankhwala a njoka za m'mimba anamwetsedwa onse awiri, chifukwa a Blasius ankafuna kuti Mboni awonde mwachilungamo, osati chifukwa cha matenda.

Mu Juni inafika Ramazani. Anthu anafunga, ndipo Che Uladi anapezako mtendere poona kuti pakhomo onse ali ndi njala kupatula Chitsanzo yekha. Mwezi utaoneka anthu anamasula, anavala zatsopano, anadya mpunga. Ramazani ya Mboni inapitirira.

Tsiku lina m'mawa, Che Lukiya atapita kumjigo, Che Uladi anaima nthawi yaitali pamaso pa thumba la madeya. Anayang'ana kumsewu, anayang'ana kumzikiti, anapisa dzanja. Aka kanali koyamba kuba m'moyo wawo, ndipo anayambira boma. Posowa pobisa anathira madeyawo m'kofiya, pamodzi ndi khadi, n'kuyenda mpaka kukhola khosi lili chilili ngati mayi wosenza ndowa. Mboni anadyera m'kofiya momwemo, anamaliza, ananyambita ndi khadi lomwe.

Mawa lake anabwereza, mkuja wake chimodzimodzi.

"Bambo ake a Saida," anatero Che Lukiya tsiku lina pa chakudya, akuwayang'ana paphewa, "imvi zanu zayamba kuyoyoka."

"Ndi ukalamba," anayankha Che Uladi, akusasa.

Lachiwiri lililonse a Blasius ankapachika sikelo pa nthambi ya mango, n'kukweza nkhosa imodziimodzi itakulungidwa m'chiguduli, miyendo ili lendelende. Poyamba zonse zinalemera makilo khumi ndi anayi. Pofika Julayi Chitsanzo anali patsogolo ndi makilo asanu, ndipo a Blasius ankaimba mluzu polemba. Mu Ogasiti mluzu unasiya. Anamukweza Mboni, anamutsitsa, anagogoda sikelo ndi chala, anamukwezanso.

"Mboni wakwera makilo awiri m'masabata awiri. Bambo, mukumupatsa chiyani?"

"Udzu amadya, bwana," anatero Che Uladi. Silinali bodza. Udzu ankadyadi.

"Mwina ndi fungo," anatero Che Lukiya. "Ifenso tikadutsa pa lesitilanti ku Balaka timamva ngati takhutako."

A Blasius sanaseke. Anatola udzu wa m'khola, anaununkhiza, anautafuna pang'ono. "Mumamweta kuti?"

"Kudambo kuseri kwa njanji."

"Udzu umenewu uli ndi kanthu. Ndiutumiza akaupime. Zikakhala zoona, akuluakulu a ku ofesi abwera okha adzaone dambolo, ndipo adzafuna kulankhula nanu."

Anaukulunga m'nyuzipepala mosamala ngati mankhwala. Che Uladi anaperekeza njinga mpaka kumsewu. Iwo ankafuna nkhosa inenepe mwakachetechete, osati iwaitanire galimoto pakhomo. Chinanso chinkawasowetsa mtendere n'chakuti thumba linkatsika msanga kuposa mmene dzanja lawo linkatapira. Anaganiza za makoswe, anatchera misampha itatu, sanagwire ngakhale mchira.

Analumbira kuti asiya, ndipo anasiyadi masiku awiri. Tsiku lachitatu anapapasa msana wa Mboni, anamva mafupa akanali kuyankha, anawerenga n'kupeza kuti Idi yatsala masabata atatu. Anaganiza zopereka kotsiriza, koma kokwanira masiku onse otsalawo. Kofiya inayenda maulendo anayi m'mawa umenewo.

Dzuwa lili paliwombo anamva Che Lukiya akufuula kukhola. Anapeza Mboni ataima miyendo tang'atang'a, mbali ya kumanzere itatupa ngati ng'oma, malovu akuchucha, akupuma mobanika. Che Uladi ankadziwa m'kati mwa nkhosa kuposa munthu aliyense ku Nkaya, koma ankazidziwa zitafa.

"Tengani mpeni," anatero Che Lukiya. "Akafa yekha sitidya ngakhale chiboda."

Anali kunena zoona. Nyama yofa yokha ndi ya agalu. Kuzinga pompo kukanapulumutsa ndiwo, koma ndiwo za mu Ogasiti si kulubani. Njira ina inali kukaitana alangizi, ndipo alangizi akafika adzafunsa chimene mboni ya boma yadya. Che Uladi anayang'ana mpeni umene akazi awo anali atawabweretsera kale, anayang'ana makutu awiri athunthu aja akugwedera. Kenaka anthu a m'mphepete mwa njira anaona chinthu chimene sanaonepo: Che Uladi, bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi, akuthamanga kulowera kusiteshoni kumene a Blasius ankakhala, dzanja limodzi litagwira kofiya.

Anabwerera ali pa kaliyala wa njinga ya alangizi. A Blasius sanafunse kanthu. Anagogoda mimba ija, anamvetsera, anaitanitsa mafuta ophikira ndi soda wothira mu therere. Mafutawo anamwetsa Mboni ndi botolo, pang'onopang'ono, cha m'mbali mwa kamwa, kenaka madzi a soda. Anagubuduza mtondo, anakweza miyendo yakutsogolo ya nkhosa pamenepo, n'kuuza Che Uladi azisisita mimba kukwezera m'mwamba. Anasisita mpaka thukuta linadontha m'ndevu. Papita nthawi, Mboni anatambasula khosi n'kugeya, kugeya kwautali kochokera pansi penipeni, ndipo pakhomo pa Msilamu panamveka fungo la masese. Anageyanso kawiri, mbali ija n'kuyamba kuphwa.

A Blasius anapukuta manja ndi udzu. Fungolo anali atalizindikira.

"Mboni yanga yadya chiyani?"

Sitima ya katundu inalira cha kumphambano ya njanji.

"Ndine," anatero Che Uladi ndi Che Lukiya pamodzi.

Anatembenukirana.

"Inunso?" anafunsa Che Uladi. "Makoswe aja ndinu?"

"Makoswe ake omanganso thumba akatha kudya? Inu mukapita kumzikiti ine ndimapereka. Lero ndinakonola chimanga, ndinamuthirira lichero lonse." Che Lukiya anamanga chitenje mwamphamvu n'kuyang'ana a Blasius. "Ine, alangizi, ndinakulira m'nyumba yachiwiri ya mitala. Ndikudziwa kumva anthu akutafuna kuseri kwa khoma."

"Koma amayi ake a Saida, munkadziwa kuti inenso…"

"Imvi zimanunkha madeya? Ndinkadziwa. Koma kapatsidwe kanu n'ka mantha, sikakhutitsa."

A Blasius anakhala pamtondo paja, kabuku kali pa bondo. Anatsegula, anayang'ana mizere ya miyezi itatu yolembedwa ndi dzanja laukhondo, anatseka.

"Udzu uja ndinatumiza kale," anatero, osayang'ana munthu.

Che Uladi ankadikira mawu akuti chitukuko, ndi dzina la atcheyamani. Koma a Blasius anali munthu woona mtima, ndipo chimene chinkawavuta chinali choti m'kabuku musakhale bodza.

"Chabwino. Wadya, wadya. Wodya nawo sangakhalenso mboni. Alowe gulu la odya, tilembe zoona." Anapisa m'chikwama, chitsulo chija n'kutuluka. "Gwirani mutu, bambo."

Manja a Che Uladi anapita okha. Anagwira chibwano, anagwira kumbuyo kwa mutu, anapendeketsa kuti khutu likhale poyera, monga mwa zaka zonse zimene manjawo anachita zimene auzidwa. Khutulo linali lofunda, lofewa, lathunthu kuyambira patsinde mpaka kunsonga. Chitsulo chinayasama. Ndipo chikhatho chawo chinatsika n'kulivindikira.

"Iyayi."

Mawuwo anatuluka molira ngati chitseko chimene sichinatsegulidwepo. Che Lukiya anayang'ana kumsewu kuti aone amene wabwera.

"Mwati bwanji, bambo?"

"Ndati… pepani, bwana. Iyayi. Dulani langali ngati n'kofunika chizindikiro."

Atayamba, mawu ena anatsatira, ophunthwaphunthwa. Anafotokoza za Idi, za nyama yathunthu, za mmene shehe amagwirira khutu lililonse, za Chitsanzo amene anamusankha okha n'kumugwira okha mutu. Za mbale yovindikira sananene, koma Che Lukiya anali kuwayang'ana ngati amva ndi zimenezo zomwe.

A Blasius anatsitsa chitsulo. "Kusukulu anatiphunzitsa matenda a nkhosa oposa makumi awiri, koma izi sanatiuze. Nanga tsiku lija osanena bwanji?"

"Munali mutatulutsa kale chitsulo, bwana."

Mlangizi anapisanso m'chikwama, pansi penipeni, n'kutulutsa kachitini ka penti wabuluu kosatsegula.

"Buku limati khutu kapena penti. Zonse n'zololedwa. Ine ndinasankha khutu poopa kuti penti angafufutike ndi mvula."

"Mvula ya mu Meyi," anatero Che Lukiya. "Ku Nkaya."

Che Uladi anayang'ana kachitiniko nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana kuseri kwa nsungwi, kumene Chitsanzo anagona akubzikula, khutu lobenthuka likuthamangitsa ntchentche.

Mboni anapakidwa mzere wabuluu pamsana. Masiku atatu anadya udzu wokha kuti m'mimba mukhazikike, kenaka anayamba madeya mwalamulo, ndi muyeso, masanasana. Pa tsiku la chionetsero panasowa nkhosa yowonda yoimika pambali pa Chitsanzo, ndipo a Blasius anakabwereka imodzi ya msinkhu womwewo kwa Shehe Usumani, amene nkhosa zawo zinkadyadi udzu wokha. Shehe anavomera pokhapokha mwini wake asatchulidwe. Sanatchulidwe, koma mudzi wonse unaombera m'manja ukuyang'ana kwa iwo. Za udzu uja yankho linabwera patapita nthawi, lakuti ndi udzu.

M'mawa wa Idi, atachoka kuswala, shehe anafika pansi pa mango. Anatsegula kamwa la Mboni, anaona mano. Anayang'ana maso, anakweza mwendo uliwonse, anapapasa msana ndi mchira. Makutu anawagwira nthawi yaitali kuposa mmene kunali kofunikira, limodzi kenaka linzake, uku akuyang'ana Che Uladi ndi diso la m'mbali. Anakanda penti ndi chikhadabo.

"Uyu ali kunja kwa chikopa. Chambone, zili bwino. Munthu wa kwa Kawinga uja mumuuze kuti yalandirika."

Che Uladi anatchula dzina la Mulungu n'kuzinga Mboni ndi dzanja lawo. Mafuta anali oyera, okhuthala ngati chala. Mbale zisanu ndi ziwiri zinatuluka pakhomopo masana amenewo, imodzi kupita kusiteshoni kwa a Blasius. Che Lukiya anazivindikira zonse ndi manja awo, koma iwo sanalawe. Anati sangadye mwana wodyera m'lichero mwawo, n'kudyera nandolo.

Mvula isanagwe a Blasius anasamutsidwa kupita ku Ngokwe. Anatsanzika bwino, koma sananene kanthu za Chitsanzo, ndipo Che Uladi, amene iyayi wawo anali atamugwiritsa kale ntchito, sanafunse. Kumuzinga pa Idi kunali kosatheka. Kumugulitsa kapena kumudya, nkhosa ya chizindikiro cha boma, kunkafunika chilolezo cha munthu amene sankadziwa kuti ndani. Mlangizi wolowa m'malo anapeza dzina la Che Uladi pa mndandanda wa alimi achitsanzo, anabwera, anaona nkhosayo, anakondwa kwambiri.

"Bwana," anayesa Che Uladi, "kodi chionetsero chija chinatha?"

"Chitukuko sichitha, bambo."

Thumba la boma linatha, lina silinabwere, koma muyeso unatsala. Che Uladi akasenda mbuzi ya munthu anayamba kupempha madeya m'malo mwa mang'ina. Alamu atadza ndi mlandu wina anangoyang'ana khutu lija n'kubwerera. Ngakhale fisi sanayerekeze. Chitsanzo anakhala zaka zisanu ndi zitatu, mano anatha, Che Lukiya n'kumamuviikira madeya m'madzi ofunda. Alangizi anasinthana anayi, ndipo aliyense ankabwera ndi alimi ochokera kutali, ku Utale, ku Ulongwe, n'kuwaimika mozungulira khola. Che Uladi ankaima pambali, manja kumbuyo, pamene mlangizi akufotokoza kuti mwana wa nkhosa wodyetsedwa motere amakhala wokonzeka kulawa mpeni m'masiku zana okha. Alimiwo ankagwedeza mitu, ndipo nkhalamba ya nkhosa ija inkawayang'ana pa mpata wa nsungwi, ikutafuna.